Belo la pakati pa ine ndi apongozi

Iyayi Tiyamike, chiguduli chimenecho sichotaya. Ndinakumva dzana ukufunsa amayi ako kuti chithumba chakuda chili pamsomali kuseri kwa chitsekocho chikudikira chiyani, mpaka unati chikungoweta mphemvu. Ndinafuna kukuyankha pomwepo koma pakamwa panandilemera. Ndiye ndati bola ndilembe, ngakhale sukulu ndinalekera sitandade sikisi, komanso maso angawa zilembo akuziona ngati nyerere zagwera m'madzi. Ukudziwa kuti agogo ako aNambewe ankakwera nacho panjinga yamoto, chimenecho unachiona uli mwana wasukulu. Koma zomwe chinkanyamula sukuzidziwa. Uwawerengerenso alongo ako awiri aja akabwera. Kuti umvetse, ndiyambire pa ntchito yanga, chifukwa nkhaniyi inachokera kuntchito.

1996, ku Kapelula

Ntchito yanga yoyamba inali yoyendetsa ngolo pa esiteti ya fodya. Ng'ombe zake zinali ziwiri, Bulaki ndi Jamani. Bulaki anali waulesi koma womvera, Jamani wamphamvu koma wamakani, ngati anthu basi. Ine ndinkatuta fodya wothyola kumene kuchoka kumunda kupita naye kuzigafa, kuja amakamupachika kuti aume. Kapitawo wathu anali a Mwale, munthu wamfupi wosaseka wamba. Tsiku lina anandipeza ndaimika ngolo yodzaza panjira, ine ndili pamthunzi ndikudya nzimbe. Sanakalipe ayi. Anangotola tsamba limodzi la pamwamba, lofota ndi dzuwa, n'kundiika m'manja. Anati, “Phiri, fodya alibe miyendo. Akakwera ngolo yako ndiye kuti miyendo yake ndiwe. Chinthu chopanda miyendo usamachidikiritse, chimapsa chili chete.” Ine nthawi imeneyo ndinangoti zoona bwana, kufuna kuti achoke ndimalize nzimbe. Mawuwo anadzandipeza patapita zaka zambiri.

1999, ku Njombwa

Chaka chimenechi ndinakwatira amayi ako n'kubwera kuno kwawo kudzakhala chikamwini. Inu ana a lero mumaseka tikamanena, koma kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayandikana. Ndikaona agogo ako akubwera panjira ya kudimba, ine ndinkapatukira m'tchire, kaya muli chitedze kaya muli minga. Iwonso akandiona poyamba ankatembenuka n'kumayang'ana chimanga ngati akuwerenga mphesi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza amayi ako, ine ndili pomwepo kuseri kwa nkhokwe ndikumva zonse. “Uwauze aPhiri kuti denga la khola likudontha.” Ine n'kuyankha, “Uwauze amayi kuti ndamva.” Sichinali chidani. Kaya ndinene bwanji, unali ulemu woti sungaugwire ndi dzanja. Tinakhala choncho zaka zambirimbiri, iwe mpaka kubadwa n'kukula, ine osadziwa bwino ngakhale maonekedwe a nkhope yawo.

2003 mpaka 2013, pamsewu

Esiteti itagulidwa ndi a Gondwe, munthu wa kumpoto, anandichotsa pangolo n'kundiika pathirakitala, kenako anandilipirira sukulu yoyendetsa galimoto n'kundipatsa lole. A Gondwe anali bwana wabwino koma wa phuma. Ukachedwa pang'ono umangomva, “Yayi, yayi, ŵaPhiri, fodya wane!” Ana inu, lole ija ndinaikonda. Ndikaikumbukira mpaka pano m'manjamu mumachita ngati mukunjenjemera chiwongolero. Kudzuka mmamawa mwezi wa Meyi kukuzizira, mabelo atasanjidwa mpaka pamwamba, fungo la fodya wouma lili thoo, iwe uli pamwamba ukuona dziko lonse la Kasungu lili see, phiri lija lili poteropo ngati likukuperekeza. Kuokushoni tinkakhala pamzere masiku, kuphika pansi pa lole, kuchapa malaya n'kuyanika pagalasi. Chaka chija mafuta anasowa m'dziko muno tinavutika koopsa. Tinkayenda ndi zigubu kusakasaka dizilo, ukamva kuti kwakuti kwafika thanki umathamangira, pofika n'kupeza atha. Fodya wina anaola tili naye panjira mvula itatipeza. Koma ngakhale zinali choncho, ndikanena zoona, masiku abwino a moyo wanga anali amenewo. Ndinali munthu woti ena akamva hutala ankadziwa kuti ndi aPhiri akudutsa.

2014

Lole ija inakalamba, injini inafa, a Gondwe anaigulitsa. Ine anandipatsa njinga yamoto kuti ndiziyendera minda ya matenanti, ndipo ndinkabwera nayo kunyumba. Chaka chomwecho agogo ako anagwa m'munda wa mtedza. Kuchipatala cha ku Boma anati ndi bipi, matenda othamanga magazi aja, ndipo azibwera mwezi ndi mwezi kudzapimitsa ndi kutenga mankhwala. Apa ndi pamene mavuto anayambira, osati a matendawo ayi, koma a pokwera. Amalume ako aakulu anali ku Joni. Amalume ako aang'ono a ku Lilongwe ankalonjeza pafoni kuti ndituma munthu, munthuyo osaoneka. Tinayesa anyamata a kabaza, wina anawagwetsa pamchenga wa padambo paja chifukwa cha liwiro, kuyambira pomwepo anati ndikakwerenso za ana amenewa ndife. Matola pamsewu wathuwu ukudziwa wekha, lero yadutsa, mawa ayi.

Ndiye tsiku la kuchipatala likamayandikira, agogo ako ankasintha. Kutatsala masiku angapo chakudya chinkayamba kuwakanika. Ankazungulira mudzi wonse kufunsa ngati pali amene akupita ku Boma, uku akuseka kuti zisaoneke ngati akupempha. Tsikulo likafika ankavala chitenje chawo cha Mvano n'kukakhala pamphambano kuyambira mmawa, kamtolo kali pamwendo. Ine ndinkadutsa pomwepo panjinga popita kuntchito, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu. Iwo n'kutembenukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali. Tangoganiza. Njinga ilipo, woyendetsa alipo, wodwala alipo, koma apongozi angakhale bwanji kumbuyo kwa mkamwini n'kumugwira m'chiuno? Mudzi wonse ukanaika manja pakamwa. Amayi ako atayesa kuwanyengerera anawayankha kuti, “Iwe, ndafika pomagwira malaya a aPhiri ine? Bola bipiyo inditenge ndili ndi ulemu wanga.”

Mwezi wina amayi ako anawaperekeza, ndipo pobwera anandiuza zomwe anesi ananena. Akuti atawapima anapukusa mutu n'kufunsa, “Agogo, mankhwala mukumwa, mchere munachepetsa, nanga n'chiyani chikukudyani? Mumaganiza chiyani?” Iwo akuti anayankha, “Mwana wanga, ine sindiganiza za imfa ayi. Ndimaganiza za pokwera. Ndikangotuluka pakhomo lanu lino ndimayamba kuganiza kuti mwezi wamawa ndidzabwera bwanji.” Anesiwo akuti anauza amayi ako kuti nkhawa yotere ikakhalitsa mankhwala amalephera kugwira bwino ntchito, ndipo ikadzawagwetsanso kachiwiri mwina sadzadzuka. Nditamva zimenezo ndinakumbukira tsamba lija a Mwale anandiika m'manja.

Kuesiteti kunali mayi wina wosoka mabelo pajeke, pamene timapanikizira fodya tisanamukulunge m'chiguduli. Tonse tinkangowatchula kuti aSingano, chifukwa singano yawo yaikulu ija ankaibaya kuduku, osasiyana nayo. Anali mayi wamkulu, wapakamwa, woti ngakhale a Gondwe ankawaopa. Tsiku lina aSinganowo anandiona ndakhala pabelo ndagwira tsaya. Anati, “Inu aPhiri, nkhope ngati fodya wokanidwa kuokushoni, kwagwanji?” Ndinawafotokozera zonse. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati, “Amuna inu nzeru zanu zimathera pa injini. Kodi chimene apongozi anuwo akukana ndi njinga kapena msana wanu?” Ndinati msana wanga. Anati, “Basi, tiwapatse msana wina.”

Anatenga chiguduli chatsopano, anasoka kabelo kakang'ono kofika kuyambira m'chiuno mwanga mpaka m'khosi, anakadzaza makoko a chimanga mpaka kulimba. M'mbali anasokerera zogwirira ziwiri za chingwe cha khonje, kutsogolo malamba oti ndizimanga pachifuwa. Loweruka lake anabwera okha kuno kumudzi belolo lili pamutu. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse, ndiye ndinamva zonse. ASingano anati, “Amayi, ine ndasoka mabelo zaka zambiri, sindinamvepo kuti belo lili ndi apongozi. Inu mudzagwira belo. Belo ndi limene lidzagwire aPhiri. Ngati pali mlandu, akaimbidwe ndi belolo.” Kenako ndinamva agogo ako akufunsa, “Nanga ndikafuna kunena kuti aime?” ASingano anati, “Muziuza belo. Si mumauza mwana wanu iwo ali pomwepo? Ili ndiye losunga chinsinsi kuposa mwana.” Ndinamva agogo ako akuseka, kuseka kwenikweni, koyamba chigwereni m'munda muja.

ASingano asanapite anandikokera pambali n'kundiuza chinthu china, chimene ndikuona kuti ndicho chinali mankhwala enieni. Anati, “Tamverani aPhiri. Chimene chimapha nkhalamba si mtunda ayi, ndi kupempha. Musadikire kuti akutumireni mawu. Mawa likakhala tsiku la kuchipatala, inu dzuwa lisanalowe katengeni beloli mukaliike pakhonde pawo, osanena kanthu. Akaliona adziwa kuti ulendo ulipo, adya, agona.”

Ulendo woyamba sindidzauiwala. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Agogo ako anakwera chammbali, amayi ako akuwathandiza, nkhope ataphimba ndi mpango. Ine ndinangoyang'ana kutsogolo, khosi louma ngati mtengo. Tinayenda mpaka kudutsa dambo. Tili pakati pa minda ndinangomva mawu kumbuyo, “Belo iwe, uwauze oyendetsawo kuti sitikuthawa nkhondo.” Ndinachepetsa liwiro. Kenako ndinati, “Belo, uwauze amayi kuti kutsogoloku kuli mabampu, agwiritse.” Iwo anati, “Belo, uwauze kuti mabampu ndinayamba kuwaona iwo asanabadwe.”

Kuyambira pamenepo belo lija linamva zambiri. Mwezi ndi mwezi, ine kuliika pakhonde, mmawa kulipeza atalipukuta fumbi. Panjira ankaliuza zonse. Za amalume ako a ku Joni amene anasiya kuimba foni. Za agogo ako aamuna amene anamwalira ine ndisanabwere pamudzi pano, mmene ankawanyamulira panjinga yakapalasa kupita nawo kumsika ali mtsikana. Za mantha awo oti adzafa ziwalo n'kumasenzedwa ngati thumba. Zinthu zoti sakanauza mwana wawo, kuopa kumuliza. Ine ndinkangoti, “Belo, uwauze kuti ndamva.” Nthawi zina ankaimba nyimbo za kutchalitchi, ine n'kumathira besi pansipansi, iwo n'kumati, “Belo iwe, wayamba liti kuimba?” Pobwerera tinkaima pamtengo wa mkuyu uja, iwo kukhala mbali iyi, ine mbali inayo, belo pakati, tikudya chinangwa chootcha. Patapita miyezi anesi aja atakumana ndi amayi ako anawafunsa kuti kodi agogowa mwawatani, bipi yakhala pansi chonchi.

2017

Apa ndi pamene panali povuta. A Gondwe anagula malo ena aakulu cha ku Mzimba, anagulanso lole yatsopano, yoyera, matayala ake ofika m'chiuno mwanga. Anandiitana kuofesi n'kundiika makiyi patebulo. Anati, “ŵaPhiri, iyi njinu. Nyumba ya malata ili kwenekuko. Kuno nkhugulitsa.” Ndinapempha kuti ndikaione kaye. Ndinakwera, ndinakhala pampando, mapulasitiki asanachotse n'komwe. Ndinagwira chiwongolero. Ana inu, ndisaname, mtima wanga unapita ku Mzimba tsiku lomwelo. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi anayi, mphamvu zilipo, maso akuona mpaka kutali.

Kunyumba amayi ako anati zili kwa inu bambo. Agogo ako nkhaniyi anaimva, pamudzi sipabisika kanthu. Tsiku la kuchipatala litafika tinanyamuka monga mwa masiku onse. Tikuyandikira ku Boma ndi pamene anati, “Belo iwe, uwauze aPhiri apite. Mwamuna ndi ntchito. Ine pamphambano paja ndinapazolowera.” Koma zogwirira zija anazikoka mwamphamvu moti malamba anandithina pachifuwa. Pakamwa pankati pitani, manja ankati musapite. Ine sindinaphunzire, koma chimenecho ndinachimva.

Mawa lake ndinakabweza makiyi. A Gondwe anati, “Mukukana lole chifukwa cha apongozi? Apongozi, ŵaPhiri? Ŵanyinu ŵakuchimbira apongozi, imwe mukuchimbira lole!” Kuchimbirako ndiko kuthawa m'chilankhulo chawo. Anakwiya, kenako anaseka, kenako anati njinga ija nditenge ikhale yanga yopumira ntchito. Ntchito yanga yolembedwa inathera pomwepo. Ndinayamba kabaza. Lole ija ndinkaiona nthawi zina pamsewu waukulu ikupita kuokushoni, akuyendetsa munthu wina. Ndinkaima pambali mpaka ipite. Kunena kuti sindinkaisirira ndiye kuti ndikunama. Mpaka lero ndikamva kulira kwa lole yolemera ikusintha giya pachitunda, ndimasiya chimene ndikuchita.

2021

Agogo ako anakhala zaka zina zinayi, akuyenda okha, akulima mtedza wawo, osagwanso. Chimene chinawatenga ndi chibayo, mwezi wa Juni, unalipo iwe. Ulendo wathu womaliza sitinkadziwa kuti ndi womaliza. Pamkuyu paja anati, “Belo iwe, wakalamba ngati ine, makoko ako aphwa.” Kenako anati, “Uwauze aPhiri kuti chaka chija ndinawauza kuti apite, ndinkanama.” Ine ndinati, “Belo, uwauze amayi kuti ndinadziwa.” Basi. Pa zaka zonse zija, nkhope yawo ndinadzaiyang'ana bwinobwino tsiku loika maliro.

Lero

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera zonsezi. Shuga uyu wandidya maso ndisanafike n'komwe zaka makumi asanu. Njinga ndinakupatsa iwe kuti uzipitira kusukulu komwe ukuphunzitsa ku Mwase, ndipo umaiyendetsa bwino, ndimamva mmene umasinthira magiya ukamatuluka. Ine amene ndinanyamula fodya wa esiteti yonse, lero ndine wopanda miyendo. Kuchipatala amandifuna mwezi ndi mwezi ngati agogo ako. Ndipo ndaona kuti nthenda ija ya pokwera ndi yeniyeni. Tsiku likamayandikira tulo timathawa, chakudya sichilowa, ndimangowerengera kuti Tiyamike ali ndi mayeso a ana, alongo ake ali kutali, ndimuyambe bwanji. Ndimakonza mawu mmawa, ukamatuluka ndimangoti uyende bwino. Mwezi wathawu sindinapite. Ndinakuuza kuti anasintha tsiku, koma sanasinthe. Ndinakafika pamphambano paja, ndinakhala pamwala womwe uja ankakhalapo agogo ako, matola osabwera, dzuwa litakwera ndinabwerera. Mankhwala atsala ochepa.

Ndipo pali chinanso. Iwe ndiwe mwana wanga wamkazi, wamkulu, woti mawa lino ukwatiwa. Ine bambo ako sindingakhale kumbuyo kwako n'kukugwira m'chiuno anthu akuona. Mwina iwe uti zachikale, ababa inunso. Mwina ndi zachikaledi. Koma ndi mmene ndinapangidwira, pano ndi pamene ndikuwamvetsa agogo ako.

Ndiye poti pamaso ndikulephera, ndilankhule mmene ndinazolowera. Belo iwe, umuuze Tiyamike kuti tsiku langa ndi Lachinayi loyamba la mwezi. Umuuze kuti makoko ako aphwa, akufunika ena, amayi ake asunga a chaka chino m'nkhokwe. Umuuze kuti sindikufuna andiyankhe ndi pakamwa, ndingachite manyazi. Lachitatu dzuwa lisanalowe akangokuchotsa pamsomalipo n'kukuika pakhonde, ine ndidzakukhudza ndi dzanja podutsa, ndidzadya, ndidzagona.

Ukamasokanso pomwe pang'ambika, usachotse ulusi wakale uja wokhuthala, usoke pambali pake. Mwini ulusiwo anapita kwawo esiteti itagulitsidwa, ndipo ndinamva mochedwa kuti anatisiya, sindinakawathokoze mokwanira. Tonse tinkangoti aSingano, aSingano, ngati analibe dzina. Inu ana anga mulidziwe, ndipo mudzauze ana anu. Dzina lawo anali mayi Elube Nankhoma.